Pete Carroll ndi ntchito ziwiri za mphunzitsi wa mpira wa ku America

M'mbiri yonse ya mpira wa ku America muli aphunzitsi atatu okha amene anatenga ukatswiri wa dziko lonse ndi timu ya kuyunivesite n'kudzatenganso Super Bowl, chikho chachikulu cha ligi ya akatswiri ya NFL. Woyamba ndi Jimmy Johnson, yemwe anapambana ndi yunivesite ya Miami mu 1987 kenako ndi Dallas Cowboys mu nyengo za 1992 ndi 1993. Wachiwiri ndi Barry Switzer wa ku Oklahoma, amene analowa m'malo mwa Johnson ku Dallas napambana mu nyengo ya 1995 ndi timu imene mnzakeyo anali ataimanga kale. Wachitatu ndi Pete Carroll. Chiwerengerochi n'chochepa modabwitsa, poganizira kuti malamulo a masewerowa amafanana pafupifupi m'zonse, ndiponso kuti osewera a NFL pafupifupi onse amachokera m'mayunivesite omwewo. Mbiri ya Carroll, yemwe anachotsedwa ntchito kawiri mu NFL asanadziwike ngati katswiri, imaonetsa bwino chifukwa chake ntchito ya mphunzitsi wa kuyunivesite ndi ya mphunzitsi wa ligi ya akatswiri zili ntchito ziwiri zosiyana ngakhale zimatchedwa ndi dzina limodzi.

Kuti nkhaniyi imveke, m'pofunika kudziwa pang'ono za masewerowo. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo lotalika mayadi 100. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi yoti iyende nawo mayadi 10, kaya pothamanga nawo m'manja kaya pouponyera mnzawo kutsogolo, ndipo ikakwanitsa imapatsidwanso mipata ina inayi. Kufika nawo kumapeto kwa bwalo kumatchedwa touchdown ndipo kumapereka mapointi 6. Osewera ofuna kugoletsa ndi gulu lapadera, otchinga ndi gulu linanso, ndipo gulu lililonse lili ndi mphunzitsi wake woliyang'anira, amene pansi pake palinso aphunzitsi a malo osiyanasiyana. Mphunzitsi wamkulu amakhala ndi antchito ambiri, kawirikawiri oposa 20 mu NFL, moti gawo lalikulu la ntchito yake ndi kutsogolera anthu osati kujambula njira zosewerera zokha.

Carroll anabadwa pa 15 September 1951 ku San Francisco. Anasewera ngati wotchinga kumbuyo ku University of the Pacific, sukulu yaing'ono ya ku California, ndipo komweko ndi kumene anayambira kuthandiza aphunzitsi. Kuchokera apo anayenda ulendo umene aphunzitsi ambiri a ku America amayenda, wosamukasamuka chaka ndi chaka potsata amene wawalemba ntchito: ku Arkansas mu 1977 pansi pa Lou Holtz, ku Iowa State mu 1978, ku Ohio State mu 1979, ndi ku North Carolina State kuyambira 1980 monga woyang'anira otchinga pansi pa Monte Kiffin, munthu amene anamuphunzitsa zambiri za kutchinga. Analowa mu NFL mu 1984 ndi Buffalo Bills, nakhala zaka zisanu ku Minnesota Vikings, ndipo mu 1990 anakhala woyang'anira otchinga wa New York Jets. Atakwanitsa zaka 42, mu 1994, Jets anamukweza kukhala mphunzitsi wamkulu.

Nyengo imeneyo inayamba bwino ndithu, pakuti pofika kumapeto kwa November timuyo inali itapambana masewero 6 n'kugonja 5. Tsono anakumana ndi Miami Dolphins. Jets ankatsogola 24 kwa 6, koma Dan Marino, quarterback wa Miami (wosewera amene amatsogolera ogoletsa ndi kuponya mpira), anabweza mapointiwo, ndipo kutatsala masekondi ochepa ananamizira kuti akufuna kumenyetsa mpira pansi kuti nthawi iime, otchinga a Jets nalekerera, iye n'kuponyera mnzake amene anagoletsa. Jets anagonja 28 kwa 24, ndipo sanapambanenso masewero ena aliwonse chaka chimenecho. Mwini timu, Leon Hess, anachotsa Carroll atangogwira nyengo imodzi yokha. Amene analowa m'malo mwake, Rich Kotite, anapambana masewero 4 okha m'zaka ziwiri, umboni wakuti vuto la timuyo silinali mphunzitsi yekha.

Atagwira zaka ziwiri ku San Francisco 49ers monga woyang'anira otchinga, Carroll anapatsidwa mwayi wachiwiri mu 1997 ku New England Patriots. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Iye analowa m'malo mwa Bill Parcells, mphunzitsi waukali amene anali atangofikitsa timuyo ku Super Bowl koma anachoka atasemphana ndi mwini timu, Robert Kraft, pa nkhani yoti ndani ali ndi mawu omaliza posankha osewera. Parcells anadandaula poyera kuti ngati akufuna kuti iwe uphike chakudya, ayenera kukulolanso kukagula zina mwa zophikirazo. Carroll anapeza dongosolo lomwelo limene linathamangitsa Parcells: iye ankaphunzitsa, koma kusankha ndi kugula osewera kunali m'manja mwa mkulu wina, Bobby Grier. Mu 1998 timuyo inataya wothamanga ndi mpira wake wabwino koposa, Curtis Martin, yemwe anatsatira Parcells ku Jets, ndipo osewera achinyamata amene anasankhidwa m'zaka zimenezo ambiri sanakwaniritse zimene ankayembekezeredwa. Zotsatira zinkatsika chaka ndi chaka: masewero 10 opambana mu 1997, 9 mu 1998, 8 mu 1999. Sizinali zotsatira zoipa kwenikweni, koma atolankhani a ku Boston anali atagamula kale kuti munthu wansangala chotere, wothamangathamanga m'bwalo la zokonzekera ndi kukumbatira osewera, sangalamulire amuna akuluakulu olandira mamiliyoni. Kraft anamuchotsa nalemba Bill Belichick, ndipo Belichick anapatsidwa mphamvu zimene Parcells ndi Carroll sanapatsidwe.

Chaka cha 2000 Carroll anachikhala opanda timu. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti m'chaka chimenechi, powerenga za John Wooden, mphunzitsi wotchuka wa basketball wa ku yunivesite ya UCLA, anazindikira kuti anali atagwira ntchito zaka zoposa 25 osatha kulongosola m'mawu ochepa chimene iye amakhulupirira pa uphunzitsi. Analemba mfundo zake, ndipo phata lake linali mpikisano: malo aliwonse m'timu azilimbiranidwa tsiku lililonse, posatengera dzina kapena zaka za munthu. Anaika malamulo atatu okha, akuti uziteteza timu, usamadandaule kapena kupereka zifukwa zodzikhululukira, ndipo uzifika nthawi isanakwane. Aphunzitsi ambiri ali ndi mawu okoma otere, ndipo paokha sakanasintha kanthu. Chimene chinasintha zinthu n'chakuti mu December 2000 anapeza malo amene mfundozo akanatha kuzigwiritsa ntchito popanda womuletsa.

Malowo anali University of Southern California, kapena kuti USC, ku Los Angeles. Sukuluyi inali ndi mbiri yakale yaulemerero koma inali itazilala, ndipo Carroll sanali munthu amene inkamufuna poyamba. Mayina a Dennis Erickson, Mike Bellotti ndi Mike Riley ndi amene anali patsogolo. Ochemerera ambiri anakwiya ndi kulembedwa kwake, ndipo mkwiyowo unakula pamene timuyo inagonja masewero 5 mwa 7 oyamba a 2001.

Kusiyana kwa NFL ndi mpira wa kuyunivesite kuyenera kulongosoledwa bwino. Mu NFL muli matimu 32, ndipo ligiyo inakonzedwa dala kuti pasakhale timu yopitirira inzake kwa nthawi yaitali. Chaka chilichonse pamakhala draft, mwambo wogawana osewera ochokera m'mayunivesite m'magawo 7, ndipo timu imene yachita moipa koposa ndi imene imayamba kusankha, yopambana chikho n'kukhala yomaliza. Kuyambira 1994 palinso malire a ndalama zimene timu iliyonse ingalipire osewera ake onse pamodzi, ndipo malirewo ndi amodzimodzi kwa olemera ndi osauka. Timu imaloledwa osewera 53. Motero kupambana mu NFL kumadzibweretsera chilango chake, chifukwa wopambana amasankha mochedwa, osewera ake amakwera mtengo, ndipo ena amayenera kuwalola apite. Kuyunivesite, pa nthawi ya Carroll, zinthu zinkayenda mosemphana ndi zimenezi. Kunalibe draft, ndipo mnyamata womaliza sekondale ankasankha yekha sukulu. Sukulu iliyonse yaikulu inkaloledwa kulipirira maphunziro osewera 85, osewerawo sankalandira malipiro, ndipo aliyense ankaloledwa kusewera nyengo zinayi zokha. Mphunzitsi wamkulu ndi amene ankayenda m'makomo kukakhala pabalaza ndi makolo, kuwatsimikizira kuti mwana wawo akasamalidwa ndiponso kuti akapeza njira yolowera mu NFL. Wopambana chaka chino ankakopa anyamata abwino koposa chaka chamawa, napambananso. Ndipo popeza wosewera wofuna kusamukira ku sukulu ina ankayenera kukhala chaka chathunthu osasewera, mphunzitsi anali ndi ulamuliro waukulu kwambiri pa anyamata ake.

M'dongosolo lotere, nsangala zimene ku Boston ankaziona ngati kufooka zinasanduka chida. Carroll anali wodziwa kukopa, ndipo anali m'dera la kummwera kwa California kumene sukulu za sekondale zimatulutsa osewera ochuluka. Mzinda wa Los Angeles unalibenso timu ya NFL kuchokera pamene Rams ndi Raiders anasamuka itatha nyengo ya 1994, choncho USC inakhala ngati timu ya akatswiri ya mzindawo, ndipo zokonzekera zake zinali zotsegukira anthu, kuphatikizapo oimba ndi ochita zisudzo otchuka. Kwa mnyamata aliyense Carroll ankalonjeza chinthu chimodzi chimene sukulu zina zinkaopa kulonjeza, chakuti ngakhale wangofika kumene adzapatsidwa mwayi wolanda malo a wamkulu wake ngati amuposa pa zokonzekera. Anasunga Ed Orgeron, katswiri wokopa osewera amene anamupeza pasukulupo, nalemba Norm Chow kuti ayang'anire ogoletsa, iye mwini n'kugwira gulu la otchinga.

Zipatso zinabwera msanga. Mu 2002 USC inapambana masewero 11, ndipo quarterback wake Carson Palmer analandira Heisman Trophy, mphotho ya wosewera wabwino koposa wa m'mayunivesite. Mu 2003 atolankhani a Associated Press anaivotera kukhala katswiri wa dziko, ngakhale kuti dongosolo la BCS, limene linkagwiritsa ntchito mavoti ndi makompyuta posankha matimu awiri omaliza, linapereka chikho chake kwa Louisiana State University (LSU) ya mphunzitsi Nick Saban. Mu 2004 panalibe mkangano: USC inapambana masewero onse 13, n'kumaliza ndi kukwapula Oklahoma 55 kwa 19, ndipo Matt Leinart anatenga Heisman. Reggie Bush, wothamanga ndi mpira wa USC, anaitenganso mu 2005. Timuyo inapambana masewero 34 motsatizana kufikira pa 4 January 2006, pamene inakumana ndi Texas pa bwalo la Rose Bowl m'masewero olimbirana chikho cha dziko. Kutatsala mphindi ziwiri ndi pang'ono, USC ikutsogola 38 kwa 33, inali pa mpata wachinayi ikufunika mayadi awiri okha kuti isunge mpira mpaka nthawi ithe. Carroll anakana kuumenya ndi phazi kuti upite kutali monga ambiri akanachitira, nalamula kuti ayese. LenDale White, amene anapatsidwa mpira kuti athamange nawo, anagwetsedwa asanafike, Bush ali kunja kwa bwalo, ndipo quarterback Vince Young anatsogolera Texas kukagoletsa kutatsala masekondi 19. Texas inapambana 41 kwa 38. Ngakhale zinatero, USC inatenga kapena kugawana ukatswiri wa chigawo chake cha Pac-10 zaka zisanu ndi ziwiri motsatizana, kuyambira 2002 mpaka 2008, ndipo m'zaka zisanu ndi zinayi za Carroll inapambana m'bwalo masewero 97 n'kugonja 19.

Mbiri imeneyi ili ndi banga lake, ndipo bangalo linachokera m'dongosolo lomwelo limene linamukweza. Bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a m'mayunivesite, linkaletsa wosewera kapena banja lake kulandira ndalama kapena mphatso chifukwa cha luso lake. Kafukufuku wa zaka zinayi anapeza kuti Bush ndi banja lake analandira ndalama, komanso nyumba yokhalamo kufupi ndi San Diego, kuchokera kwa anthu amene ankafuna kudzamuimira pa zamalonda akadzalowa mu NFL. Mu June 2010 NCAA inagamula kuti sukuluyo inalephera kuyang'anira masewero ake, ndipo inailetsa kusewera masewero a kumapeto kwa nyengo kwa zaka ziwiri, inaichotsera malo 30 a osewera olipiriridwa maphunziro m'zaka zitatu, n'kufafaniza masewero 14 amene inapambana. BCS inalanda chikho cha 2004, ngakhale Associated Press sinasinthe voti yake, ndipo Bush anabweza Heisman. Carroll sanapezeke ndi mlandu payekha, ndipo wakhala akunena kuti sankadziwa kanthu. Koma anali atachoka kale kupita ku Seattle Seahawks ya mu NFL mu January chaka chomwecho, miyezi isanu chigamulo chisanatuluke, ndipo chilango chinagwera anyamata amene anali ana pamene zolakwazo zinkachitika. Kaya anachoka pothawa kaya ayi, n'zovuta kukana kuti mphunzitsi amene anali ndi mphamvu pa chilichonse pasukulupo, natsegula zitseko kuti aliyense azilowa, ali ndi gawo lake pa zimene zinalowera pa zitsekozo.

Chimene chinamukopa ku Seattle Seahawks, malinga ndi iye mwini, chinali ulamuliro. Mwini timu, Paul Allen, mmodzi mwa oyambitsa Microsoft, anamupatsa udindo wa mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi wa wachiwiri kwa pulezidenti woona za mpira, kutanthauza kuti mawu omaliza pa osewera anali ake. Anatenga nawonso mbali posankha mkulu woyendetsa timu, John Schneider wochokera ku Green Bay Packers, pomwe nthawi zambiri mkuluyo ndi amene amasankha mphunzitsi. Awiriwa anasintha osewera maulendo oposa 200 m'chaka choyamba chokha. Anthu ankayembekezera kuti adzaza timu ndi ana ake a ku USC, koma pa draft ya 2010 anadumpha Taylor Mays, wotchinga wake wa ku USC, nasankha Earl Thomas wa ku Texas, ndipo LenDale White, amene anamutenga mu April, anamuchotsa patangotha mwezi umodzi.

M'nyengo iliyonse mwa ziwiri zoyamba timuyo inapambana masewero 7 n'kugonja 9, ngakhale kuti mu 2010 zimenezo zinakwanira kutenga chigawo chawo chofooka ndi kugonjetsa New Orleans Saints 41 kwa 36, tsiku limene Marshawn Lynch anathamanga mayadi 67 akukankha otchinga mmodzimmodzi. Chofunika kwambiri chinkachitika pa draft. Carroll ankadziwa mtundu wa wotchinga amene ankamufuna: wamtali, wa mikono yaitali, woima pamaso pa wolandira mpira n'kumusokoneza asanayambe n'komwe kuthamanga, pamene kumbuyo kwenikweni kuli munthu mmodzi waliwiro wotseka pakati ponse. Matimu ena ankaona osewera aatali otere ngati ochedwa kutembenuka, choncho ankapezeka motsika mtengo. Kam Chancellor anasankhidwa m'gawo lachisanu mu 2010, Richard Sherman wa ku Stanford m'gawo lachisanu mu 2011, ndipo Brandon Browner anachokera ku ligi ya ku Canada. Mu 2012 anasankha Bobby Wagner m'gawo lachiwiri ndi Russell Wilson m'gawo lachitatu, pa nambala 75, quarterback amene matimu ena anamukana ati ndi wamfupi. Seattle inali itangolemba kumene Matt Flynn pa ndalama zambiri kuti akhale quarterback woyamba, koma Wilson anamuposa pa zokonzekera ndipo Carroll anapereka malowo kwa mnyamatayo. Ku New England sakanatha kuchita zimenezi popanda kulimbana ndi amene anasaina mgwirizano wa Flynn.

Apa malamulo a NFL anamuthandiza m'malo momupinga. Mgwirizano woyamba wa Wilson unali wa madola pafupifupi 3 miliyoni pa zaka zinayi zonse, pamene matimu ena ankalipira quarterback mmodzi madola oposa 15 miliyoni pa chaka, ndipo Sherman ndi Wagner nawonso anali pa malipiro a ongoyamba kumene. Ndalama zotsalazo zinagula osewera ena odziwa kale ntchito. Otchinga a Seattle analola mapointi ochepa koposa mu ligi yonse nyengo zinayi motsatizana, kuyambira 2012 mpaka 2015. Pa 2 February 2014, ku New Jersey, anakumana ndi Denver Broncos ya Peyton Manning, timu imene inali itagoletsa mapointi ochuluka kuposa ina iliyonse m'nyengo imodzi, ndipo anaigonjetsa 43 kwa 8. Chimenecho chinali chikho choyamba cha Super Bowl m'mbiri ya Seattle.

Chaka chotsatira anabwereranso, ndipo pa 1 February 2015 ku Arizona anakumana ndi New England ya Belichick ndi quarterback wake Tom Brady. Seattle inkatsogola 24 kwa 14, Brady anabweza mpaka 28 kwa 24, koma kutatsala masekondi 26 Seattle inali pa mpata wachiwiri, yadi imodzi yokha kuti igoletse, ili ndi Lynch, munthu wovuta kumugwetsa. Dziko lonse linkayembekezera kuti amupatsa mpira. M'malo mwake Wilson anauponyera Ricardo Lockette, ndipo Malcolm Butler, mnyamata wa chaka choyamba amene palibe timu inamusankha pa draft, anaudumphira nauwakha. Chiganizocho chinachokera kwa woyang'anira ogoletsa, Darrell Bevell, koma Carroll anasenza yekha mlanduwo. Maganizo ake sanali opusa monga ambiri amanenera. Wothamanga akagwetsedwa m'bwalo nthawi imapitirira, pomwe mpira woponyedwa ukagwa pansi nthawi imaima. Seattle inali ndi mwayi umodzi wokha woimitsa nthawi, choncho kuti igwiritse ntchito mipata yonse itatu yotsala, umodzi unayenera kukhala woponya, ndipo New England inali itadzaza kutsogolo ndi osewera olemera oyembekezera Lynch. Chimene chingatsutsidwe ndi mtundu wa kaponyedweko, kolunjika pakati pamene panali khamu la anthu, m'malo moponyera kumbali kumene mpira ukalephereka ukanangotuluka kunja. Koma m'chipinda chovalira masamu otere sanathetse mkwiyo, ndipo ena mwa otchinga sanaiwale.

Kuchokera apo dongosolo la ligi linayamba kugwira ntchito yake yofafaniza kusiyana. Mu 2015 Wilson anasaina mgwirizano wa madola 87.6 miliyoni pa zaka zinayi, anzake enanso anafunika kulipidwa, ndipo timu inayamba kusowa ndalama za malo ena, makamaka oteteza quarterback. Chancellor anavulala khosi mu 2017, Sherman anachotsedwa mu March 2018, ndipo Thomas, amene ankakangana ndi timu pa za mgwirizano, anathyoka mwendo mu September chaka chomwecho natuluka m'bwalo akulozera benchi ya timu yake chala chachipongwe. Atachoka, Sherman ananena mawu amene amafika pa mtima pa nkhani yonseyi: anati nzeru za Carroll zinapangidwira kuyunivesite, kumene osewera amabwera n'kupita pakatha zaka zinayi, pomwe iwo amene anakhala naye nthawi yaitali anali atamva kale nthano zake zonse. Sherman anali wokwiya, koma mfundoyo ili ndi choonadi. Kuyunivesite mphunzitsi sakalamba pamaso pa osewera ake, chifukwa chaka chilichonse kumabwera makutu atsopano, ndipo safunika kuuza munthu wa zaka 30 amene anamubweretsera chikho kuti mtengo wake watsika. Seattle inapitiriza kukhala timu yabwino, nifika m'masewero a kumapeto kwa nyengo maulendo 10 m'zaka 14 za Carroll, koma sinayandikirenso Super Bowl iye ali mphunzitsi. Wilson anagulitsidwa ku Denver mu March 2022, ndipo mu January 2024 Carroll anachotsedwa paudindo atapambana masewero 137 a mu ligi, kugonja 89 ndi kufanana mphamvu kamodzi.

Poyerekeza ndi anzake amene anayesa kuwoloka, zimenezi n'zazikulu. Lou Holtz sanamalize n'komwe nyengo yake imodzi ku Jets mu 1976. Steve Spurrier, katswiri wa ku Florida, anapambana masewero 12 n'kugonja 20 ku Washington. Saban, amene ambiri amamutcha mphunzitsi wamkulu koposa m'mbiri ya mayunivesite, anapambana 15 n'kugonja 17 ku Miami Dolphins mu 2005 ndi 2006, nabwerera kuyunivesite, ku Alabama, kumene akanatha kukopa osewera abwino ambirimbiri chaka chilichonse m'malo modikira mmodzi wa gawo loyamba la draft. Bobby Petrino anathawa ku Atlanta mu 2007 patangotha masewero 13, ndipo Urban Meyer anachotsedwa ku Jacksonville mu 2021 patathanso masewero 13, atapambana awiri okha. Ambiri mwa amenewa anafika mu NFL ndi ulamuliro wa kuyunivesite m'mutu, napeza amuna okhala ndi mabanja, owaimira pa zamalonda ndi bungwe la apantchito. Carroll anasiyana nawo chifukwa anali atakhala kale zaka 16 mu NFL asanapite ku USC, moti ankadziwa chimene chingasamutsidwe ndi chimene sichingasamutsidwe. Jim Harbaugh, amene anafikitsa San Francisco ku Super Bowl ya February 2013 natenga ukatswiri ndi Michigan mu nyengo ya 2023, nayenso anali atasewera zaka zambiri mu NFL.

Mu January 2025 Las Vegas Raiders analemba Carroll ali ndi zaka 73, ndipo atayamba nyengoyo anakhala mphunzitsi wamkulu wachikulire koposa m'mbiri ya ligiyo. Anatenga Geno Smith, quarterback wake wa ku Seattle, koma timuyo inapambana masewero 3 okha n'kugonja 14, ndipo anachotsedwa itatha nyengo imodzi.

Pakadali pano dongosolo la kuyunivesite limene linamupatsa mphamvu silikupezekanso monga linalili. Kuyambira July 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina ndi chithunzi chawo, amatha kusamuka sukulu osakhala chaka osasewera, ndipo chigamulo cha khoti cha mu June 2025 chinalola masukulu kulipira osewera mwachindunji, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni pa sukulu m'chaka choyamba. Bush anabwezeredwa Heisman yake mu April 2024. Saban anapuma pa ntchito tsiku lomwelo limene Carroll anachotsedwa ku Seattle, ndipo pambuyo pake anadandaula kuti anyamata ambiri tsopano amayamba ndi kufunsa za ndalama. Belichick, amene anasiyana ndi New England tsiku lotsatira, anavomera mu December 2024 kukaphunzitsa ku yunivesite ya North Carolina, ndipo mmodzi mwa anthu oyamba amene anawalemba anali Michael Lombardi, mkulu wakale wa mu NFL, kuti aziyendetsa za migwirizano ndi malipiro a osewera.